Rauta ya 4G kunyumba: timizere tadzaza koma intaneti ikukwawa

Mayi a ku Chibavi: Moni nonse pagulu pano, ndikupempha nzeru. Rauta ndi Huawei B535 yolowetsa SIM. Nyumba ndi ya njerwa zootcha, denga la malata, zipinda zinayi. Pafoni timizere ta WiFi tadzaza, koma kukangoda ngakhale kakanema ka pa WhatsApp sikatseguka. Kuchipinda chakumapeto ndiye sikufika n'komwe. Bandulo ya mwezi ikutha m'masabata awiri. Ena akuti ndigule booster. Ndigule?

Wa Netiweki ku Katoto: Ndalamayo isungeni kaye mayi. Timizere ta pafoniyo timangonena za kamtunda ka pakati pa foni ndi rauta. Intaneti imayenda maulendo awiri: kuchoka pansanja ya kampani kufika pa rauta, kenako kuchoka pa rauta kufika pafoni. Ulendo wachiwiri ukhoza kukhala bwinobwino woyamba uli wovunda, ndiye tiyambe taona woyambawo.

Zimitsani data ya pafoni, mulumikize ku WiFi ya rautayo. Tsegulani Chrome, pamwamba penipeni polemba adiresi mulembe 192.168.8.1 basi, popanda www. Mukalemba m'bokosi lofufuzira la Google ikubweretserani masamba ena achabe. Ikafunsa pasiwedi, yang'anani kapepala komatidwa kunsi kapena kumbuyo kwa rauta. Samalani, pamakhala mapasiwedi awiri, ya WiFi ndi yolowera mkati mwa rauta. Mukalowa pitani pa Advanced, System, kenako Device Information. Mutilembere manambala atatu: RSRP, RSRQ ndi SINR. Mutiuzenso pomwe rautayo yakhala.

Achimwene a ku Masasa: Kwa amene mukutsatira muli ndi mitundu ina: ZTE zambiri ndi 192.168.0.1, TP-Link zolowetsa SIM ndi 192.168.1.1. Zikakana zonsezo, pakompyuta ya Windows tsegulani cmd mulembe ipconfig. Nambala ili pa Default Gateway ndiyo khomo la rauta yanu. Mukaona kompyuta yadzipatsa adiresi yoyamba ndi 169.254, dziwani kuti rauta sinaigawire adiresi, vuto ndi kebulo kapena DHCP, gawo la rauta logawira zida maadiresi.

Mayi a ku Chibavi: Ndalowa. RSRP -108 dBm, RSRQ -15 dB, SINR 2 dB. Rauta ili m'kabati ya TV pabalaza, m'munsi, kuopa ana.

Mkulu wa ku Luwinga: Vuto loyamba ndi kabatiyo. Manambala a RSRP ndi RSRQ ali ndi kachizindikiro kochotsera kutsogolo, choncho -85 ndi yabwino kuposa -108. RSRQ ndi ubwino wa siginolo, pomwe RSRP ndi mphamvu ya siginolo yochoka pansanja. Kuyambira -90 kupita cha ku -80 muli pabwino, pakati pa -90 ndi -100 zikuyenda ndithu, kudutsa -105 rauta yayamba kuvutika, pa -115 imangodukaduka. Koma ine ndimayang'ana kwambiri SINR, chifukwa imanena ngati siginoloyo ikumveka bwino pakati pa phokoso la nsanja zina. Zili ngati kuyankhulana mumsika waukulu wa Mzuzu Loweruka m'mawa: mnzako akhoza kukuwa, koma ngati onse akukuwa sumva kanthu. SINR ya 2 ndi yochepa. Tikufuna idutse 10, ikafika 20 ndiye mwalemera.

Chitani izi masana ano. Tengani ekisitenshoni yaitali, muyende ndi rauta zenera ndi zenera. Pazenera lililonse iikeni m'mwamba, dikirani mphindi ziwiri, mutsitsimutse tsamba lija, mulembe manambala papepala. Musadumphe zenera poganiza kuti silingathandize. Kuno malo ndi a zitunda ndi madambo, nsanja imene mukuiona ndi maso nthawi zina si imene rauta yagwira, ndipo mbali ya nyumba imene simukuiganizira ndi imene imapambana. Malata amatchinga siginolo, khoma la njerwa limaidya, mabagala a pazenera nawonso amachotsako pang'ono. Kusuntha kwa theka la mita kumatha kusintha SINR ndi 3 kapena 4.

Osaiika m'siling'i pansi pa malata ayi. Kumatentha kumeneko, ndipo ndi kumene siginolo imafika yofooka kwambiri.

Wa Netiweki ku Katoto: Ndiwonjezere za madzulo zija. Yesani liwiro pa fast.com kapena Speedtest kawiri, 5 koloko m'mawa ndi 8 koloko usiku, muli pafupi ndi rauta, ena onse atazimitsa WiFi. Ngati RSRP ndi yomweyo nthawi zonse ziwiri koma liwiro lagwa kuchoka pa 20 Mbps kufika pa 2, ndiye kuti pansanjapo pachuluka anthu. Zimenezo palibe batani la mu rauta lingakonze. Chothandiza ndi kuyesa SIM ya kampani ina, kapena kuloza eriyo ya panja kunsanja ina yopanda anthu ambiri. Airtel ndi TNM nsanja zawo sizidzaza mofanana dera lililonse, ndiye bwerekani SIM kwa aneba muyese musanagule bandulo yaikulu. Kungoti rauta yogulidwa kukampani nthawi zambiri imakhala yokhomedwa, SIM ya ena imaikana.

Mukasintha SIM, intaneti n'kukana pomwe siginolo ilipo, onani zinthu ziwiri. Choyamba APN, dzina limene rauta imalowera nalo pa intaneti ya kampani, pa Network Settings: makampani athu amagwiritsa ntchito mawu akuti internet, zilembo zazing'ono. Chachiwiri PIN ya SIM. Rauta ikayaka imadikira PIN mwakachetechete, inu n'kumati yawonongeka. Ikani SIM mufoni, muchotse PIN, muibwezere. Musaiyese mongoganizira, mukaphonya katatu ifuna PUK.

Mnyamata wa ku Mchengautuwa: Nanga booster ija bwanji akuluakulu? Ambiri akugulitsa, akuti imakoka netiweki ngakhale kudambo.

Mkulu wa ku Luwinga: Dzina limodzi koma zida ziwiri zosiyana, n'chifukwa chake anthu amagula cholakwika. Kaja kolowetsa pasoketi, kokhala ndi tinyanga tiwiri, kamangobwereza WiFi ya m'nyumba. Ku siginolo ya nsanja sikachita kalikonse. Rauta ikamalandira 2 Mbps, iko kagawa 2 Mbps yomweyo, mwinanso theka, poti kamalandira ndi kutumiza panjira imodzi. Chinacho ndi chokuza siginolo ya foni yeniyeniyo, chokhala ndi eriyo panja ndi ina mkati. Chimenecho chimawulutsa pa mafunde amene makampani anapatsidwa ndi MACRA, si chida chongogula n'kudzipachikira, ndipo chotchipa chimasokoneza netiweki ya mudzi wonse. Chisiyeni.

Chovomerezeka ndi chothandiza ndi eriyo ya panja yolumikiza mwachindunji ku rauta. B535 kumbuyo kuli kachivundikiro, mukakachotsa mupeza timabowo tiwiri ta SMA tomangirapo zingwe za eriyo. Gulani eriyo ya zingwe ziwiri, yolembedwa MIMO, chifukwa 4G imalandira panjira ziwiri nthawi imodzi. Ya chingwe chimodzi ikhoza kukweza RSRP koma liwiro osasintha kwenikweni.

Pomwe ambiri amataya ndalama ndi pachingwe. Chingwe chopyapyala cha RG58 pa 1800 MHz chimadya kupitirira theka la dB pa mita iliyonse, ndipo 3 dB iliyonse ndi theka la mphamvu. Mukaika mamita 15, zonse zimene eriyo yakoka zathera m'njira. Chikhale mamita 5 kapena kuchepera, kupanda apo mugule chonenepa ngati LMR-400. Kebulo ya dishi ya TV musaiyese, ndi ya 75 ohm pomwe rauta imafuna 50. Polumikizira panja mukulunge ndi tepi ya rabala yodzimata yokha. Ndi mvula ya ku Mzuzu ino, madzi akalowa m'chingwe chimadetsedwa mkati, pakatha miyezi ingapo manambala abwerera pomwe anali. Pomaliza mulowe pa Antenna Settings musankhe External, chifukwa Auto nthawi zina imakakamira eriyo ya mkati.

Koma mayiwa asafike kumeneko asanayese mazenera.

Mayi a ku Chibavi: Ndayenda nayo. Zenera la kuchipinda chodyera ndi limene lapambana: RSRP -94, SINR 11. Ndaiika pamwamba pa shelefu. Liwiro pano 18 Mbps. Yewo chomene adada. Koma kuchipinda chakumapeto zafika poipa, tsopano rauta yatalikira.

Mlongo wa IT ku Chiputula: Eriyo simukuifunanso mayi, manambalawo akukwana. Tsopano ndi ulendo wachiwiri uja. Lowani pa Wi-Fi Settings. Rauta yanuyi imawulutsa pa 2.4 GHz ndi pa 5 GHz. Ya 5 ndi yothamanga koma makoma awiri a njerwa yatha. Ya 2.4 imapita patali koma ndi yodzaza, marauta a aneba, Bluetooth ndi microwave zonse zili momwemo. Ngati pali batani la 5 GHz preferred lizimitseni, kuti maina akhale awiri, lina lothera ndi 5G. Musasokonezeke, 5G imeneyo si ya makampani a foni ija, ndi dzina chabe. TV ndi laputopu za pafupi zikhale pa 5, mafoni a kuzipinda pa 2.4.

Pa 2.4 pomwepo, bandwidth muike 20 MHz, osati 40. Channel musankhe 1, 6 kapena 11, atatu okhawa ndi amene sapondana. Ikani WiFi Analyzer pafoni ya Android muone kumene aneba adzazana, inu mupite kopanda anthu. Kumalo kwa nyumba zothithikana ngati ku Chibavi izi zimasintha zinthu ndithu.

Zikakanikabe, njira yolimba ndi rauta yachiwiri yolumikiza ndi kebulo. Ngakhale yakale yosalowa SIM igwira ntchito. Ndondomeko yake: dinani Reset masekondi 10 kuti iiwale zakale. Ilumikizeni kulaputopu yokha, isanakhudzane ndi Huawei. Lowani mkati, musinthe adiresi yake ya LAN, kutanthauza netiweki ya m'nyumba, ikhale 192.168.8.2. Huawei imagawa maadiresi kuyambira .100 mpaka .200, ndiye .2 sigundana ndi wina. Zimitsani DHCP pa yachiwiriyo. Dzina la WiFi ndi pasiwedi muike zofanana ndi za yoyamba, koma channel yosiyana, ina pa 1 ina pa 11. Mukatero kebulo ichoke pa kabowo ka LAN ka Huawei ikalowe pa kabowo ka LAN ka yachiwiri, osati kolembedwa WAN.

Mukaiwala kuzimitsa DHCP, m'nyumba mukhala mafumu awiri ogawa malo. Foni ina ilandira adiresi kwa yolakwika, ilemba kuti yalumikizidwa koma palibe intaneti, mawa ichita ina. Vuto lotere limazunguza mutu chifukwa silibwera tsiku lililonse.

Achimwene a ku Masasa: Alongo, ma TP-Link atsopano ali ndi Operation Mode. Mukasankha Access Point imadzizimitsira DHCP yokha, ndipo pamenepo kebulo ikhoza kulowa pa WAN. Tinene zonse, wina angasokonezeke.

Mlongo wa IT ku Chiputula: Zoona achimwene. Ngati ilipo agwiritse ntchito imeneyo. Njira yaitaliyo ndi ya marauta opanda batanilo.

Wamagetsi ku Zolozolo: Za kebulo ndinenepo. Cat5e kapena Cat6, malire ndi mamita 100, m'nyumba simungafikeko. Pogula palani kawaya kamodzi ndi mpeni. Mkati mukayera, ndi aluminiyamu yopakidwa kopa, imene pabokosi amalemba CCA. Imathyoka msanga popinda. Kopa weniweni ndi wofiirira mpaka mkati.

Pomanga mutu wa kebulo, wotchedwa RJ45, muugwire moti kotsekera kake kakhale pansi, kuchokera kumanzere: woyera wa olenji, olenji, woyera wa girini, buluu, woyera wa buluu, girini, woyera wa bulauni, bulauni. Mbali zonse ziwiri chimodzimodzi. Musamasule mawaya opotanawo kupitirira mamilimita 13. Kebulo ikamagwira koma kompyuta n'kumaonetsa 100 Mbps m'malo mwa 1000, kawirikawiri waya wa buluu kapena wa bulauni sunalumidwe bwino, chifukwa 100 imangofuna mapini 1, 2, 3 ndi 6 pomwe 1000 imafuna onse 8. Podutsa m'siling'i iikeni mupaipi ya konduiti, makoswe amaikonda. Isayende mothithikana ndi mawaya a magetsi mtunda wautali.

Kebulo yochoka nyumba yaikulu kupita ku boys' quarters isapachikidwe m'mwamba ngati chingwe choyanikira zovala. Mphenzi sifunika kumenya nyumba yanu, ikagwa pafupi mphamvu imalowa m'chingwemo n'kuwotcha timabowo ta LAN mbali zonse. Ikwirireni mukonduiti, ndipo kukayamba ziphaliwali zulani.

Mayi a ku Chibavi: Zamveka. Nanga bandulo yothera pakati pa mwezi ija? Kapena pali akundibera?

Wa Netiweki ku Katoto: Zikhoza kutheka, koma tiyambe ndi masamu. Liwiro la 1 Mbps kwa ola lathunthu ndi 450 MB. Kanema wa YouTube pa 1080p amafuna pafupifupi 5 Mbps, ndiye ola limodzi ndi 2.25 GB. TV ikaonetsa maola atatu madzulo aliwonse, patsiku yadya pafupifupi 7 GB payokha. Pa 480p ola lomwelo ndi cha m'ma 500 MB. Ndipo ndikuchenjezeni: poti liwiro lakwera tsopano, YouTube izidzikweza yokha kupita pa HD, bandulo izitha msanga kuposa kale. Lowani mu YouTube pafoni iliyonse, pa Video quality preferences musankhe Data saver. Pa TV muzitsitsa pamanja.

Chinanso, foni ikaona WiFi imayesa ndi yaulere. Play Store iyamba kukonzanso mapulogalamu, Google Photos ikweza zithunzi ndi makanema onse, WhatsApp itsitsa chilichonse cha m'magulu, laputopu ikoka Windows Update ya ma GB angapo usiku. Iuzeni kuti WiFi iyi ndi yogula. Pa Windows: Settings, Network & Internet, Wi-Fi, dinani dzina la netiweki, yatsani Metered connection. Pa Android dinani dzina la WiFi, musankhe Treat as metered. Pa iPhone ndi Low Data Mode. Mu rauta muli tsamba la Statistics, lembanipo kukula kwa bandulo ndi tsiku loyambira. Kuwerenga kwake sikufanana ndendende ndi kwa kampani, koma mudziwa tsiku limene zadyedwa kwambiri.

Mlongo wa IT ku Chiputula: Za akuba. Pa Devices muona zida zonse zolumikizidwa, werengani muone ngati zikufanana ndi za m'nyumba. Kutseka munthu ndi MAC filter, yoletsa chida potengera nambala yake ya MAC, masiku ano n'kutaya nthawi. Kuyambira Android 10 ndi iOS 14 mafoni amadzipangira MAC yongopeka, munthu mwamutseka lero mawa akhoza kulowa ndi nambala ina. Sinthani pasiwedi basi. Security ikhale WPA2-PSK ya AES, kapena WPA3 ngati zida zonse zikuilola. WEP ndi TKIP ayi, n'zosavuta kuthyola komanso zimatsitsa liwiro osadutsa 54 Mbps. Pasiwedi ikhale zilembo 12 kapena kuposa, isakhale nambala ya foni kapena dzina la mwana ndi chaka chobadwa. WPS, njira yolumikizira popanda kulemba pasiwedi, izimitseni.

Koma kunena zoona, pasiwedi zambiri sizithyoledwa, zimatuluka pakhomo ndi ana. Android imaonetsa QR code ya WiFi, mnzake ajambula, walowa, iyenso apatsa wina. Kumulembera mlendo pafoni pake osamuuza sikuthandiza, aiona pomwepo. Alendo muwatsegulire Guest Wi-Fi ya pasiwedi yakeyake, yomwe mungasinthe mwezi uliwonse osavutitsa TV ndi makompyuta. Musaiwale kusinthanso pasiwedi yolowera mu rauta, chifukwa ili pakapepala koti aliyense wolowa m'nyumba awerenga.

Amene muli ndi ana aang'ono, pa DNS, yomwe imasandutsa maina a masamba kukhala maadiresi, mukhoza kuika 1.1.1.3 ndi 1.0.0.3, za Cloudflare zotseka masamba olaula. Si mpanda wa njerwa, mwana wochenjera aulambalala, koma wa kupulaimale umamugwira.

Bambo a Shopu ku Chibanja: Pepani ndilowerere. Makamera a Hikvision akuoneka ndikakhala pa WiFi ya pashopu, ndikachoka sakuoneka. Port forwarding, kutsegula khomo pa rauta kuti makamera azioneka ndili kutali, yachitidwa pa rauta ya SIM koma sizikutheka.

Wa Netiweki ku Katoto: Abwana, onani WAN IP Address pa Device Information. Ikayamba ndi 10, kapena ili pakati pa 100.64 ndi 100.127, muli kuseri kwa CGNAT. Kampani yaika makasitomala ambiri pa adiresi imodzi ya panja, ndiye khomo limene mwatsegula pa rauta yanu lili mkati mwa mpanda wina wotseka. Ngakhale mutatsegula madoko onse sizitheka. Starlink ya kunyumba nayonso ndi chimodzimodzi. Chotsani port forwarding yo, pa DVR, bokosi losunga makanema a makamera, mupite pa Network, Platform Access, muyatse Hik-Connect, mujambule QR code ndi pulogalamu ya pafoni. Status ikalemba Offline, ikani DNS ya DVR pa 8.8.8.8 ndipo muone ngati gateway ndi adiresi ya rauta. Poonera muzisankha sub-stream, kanema wopepuka wodya data yochepa, chifukwa kanemayo akudya bandulo ya pashopu ndi ya pafoni panu nthawi imodzi.

Mnyamata wa ku Mchengautuwa: Magetsi akathima rauta tingaiyatse ndi power bank?

Wamagetsi ku Zolozolo: Werengani kaye pa adaputa. Marauta ambiri a mtundu uwu ndi 12V, 1A kapena 2A. Power bank imatulutsa 5V, ndiye pamafunika kachingwe kokweza 5V kufika 12V, ndipo totchipa timalephera rauta ikayamba kukoka kwambiri, imangozima n'kuyakanso. Chabwino ndi mini UPS ya DC yokhala ndi potulukira 12V. Imakhala pakati pa soketi ndi rauta, magetsi akathima rauta siizindikira n'komwe.

Batire ya 12V 7Ah ili ndi 84 Wh, koma ya mtovu simuyenera kuikhuthula kudutsa theka, ndiye muwerengere 42. Rauta yodya 8W ikhala maola asanu. Kudutsira mu inveta n'kuwononga, mukukweza kufika 230V kuti adaputa itsitsenso kufika 12. Koma amene muli ndi sola musatenge molunjika pabatire, masana ikamatchajidwa imafika 14.4V. Ikanipo regulator yotulutsa 12V yokhazikika ndi fyuzi ya 2A. Kamutu kolowa mu rauta pakati pake ndi positive, yezani ndi mita musanalowetse, mukatembenuza rauta yapita. Adaputa yoyambirira ikapsa, yolowa m'malo ikhale ya mavoti omwewo, ma amp akhoza kuposa koma asachepere. Rauta yongodzizimitsa anthu akachuluka nthawi zambiri ndi adaputa yofooka. Pasoketi ikanipo TV guard, poti zida zimapsa magetsi akamabwera.

Mkulu wa ku Luwinga: Chimodzi chotsalira kwa mayi a ku Chibavi. Pa Preferred network mode, Auto imalola rauta kugwera pa 3G siginolo ikagwedezeka, ndipo imachedwa kubwerera. Ndi -94 yanuyo ikani 4G only. Kungoti pa 4G only manambala a nyenyezi ogulira bandulo kapena kuona zotsala akhoza kukana kudutsa mu rauta, ndiye muzigulira nambala ya rautayo kuchokera pafoni, pa Airtel Money kapena Mpamba, kapena mubwezere pa Auto kwa kanthawi.

Mayi a ku Chibavi: Ndaika 4G only. Pa Devices ndapeza zida 11, za m'nyumba ndi 7. Pasiwedi ndasintha. Rauta yakale ya TP-Link ilipo, kuchokera pashelefu kukafika kukhonde la kuzipinda ndayeza mamita 17. Ndigule 17 yomweyo?

Wamagetsi ku Zolozolo: Gulani 25 mayi. Mwayeza pansi, koma kebulo ikwera khoma, iyenda m'siling'i, itsikanso, ndipo mutu ukalakwika mudula n'kumanganso. Mitu ya RJ45 mutenge 6. Yesani kebuloyo ili pansi, magetsi a LAN ayake mbali zonse, musanatume munthu kukwera nayo kudenga.